Mbale ya Cona wa mu Tauni

Acona alowa m'nyumba. Si kale kwambili pamene cona wa mu Lusaka anali kanyama ka pa mpanda, kamene unali kukaona cabe kakadumpha kucoka pa dilamu ya zinyalala, ana ali pambuyo na miyala. Lomba pitani m'maflati a ku Kabwata, m'nyumba za ana a sukulu ku Kalingalinga, olo mu kacipinda ka lendi ku Chilenje. Mupeza cona wagona pa mpando wabwino koposa, ali na dzina, ndipo cithunzi cake cili pa WhatsApp. Ena timati cona, ena mphaka, ena pusi, olo kuti kum'mawa pusi ni uja wa mumtengo amene amaba cimanga. Akulu-akulu ena akali kumuyang'ana na diso la m'mbali cifukwa ca nkhani za ufiti, koma ife a msinkhu uno tinagamula kale kuti cona ni wa panyumba. Sacita congo cokwiyitsa a landilodi, ndipo ukabwela wolema ku nchito amakulandila popanda mafunso.

Funso limene silimveka kawili-kawili ni lakuti, kodi mnzathuyu adya ciani? Ukafunsa, yankho imabwela mwamsanga: "Adya zimene tidya." Kambamu ka nsima yotsala, supu pamwamba, ndipo kumapeto kwa mwezi mkaka pang'ono mu sosa. Ukaonetsa kukayika amakukumbutsa za kumudzi: "Cona wa ambuya ku Katete anali kudya nsima masiku onse, koma anakalamba bwino-bwino." Zimenezo n'zoona, koma ni theka cabe la nkhani. Theka linalo linali kucitika usiku pansi pa nkhokwe, anthu onse ali mtulo.

Nsima ya ambuya inali monga moni cabe. Cakudya ceniceni cona anali kudzisakila yekha: makoswe a mu nkhokwe, mbewa za kumunda, abuluzi, tumbalame, ziwala. Ife a kum'mawa sitifunika kuuzidwa kuti mbewa ni ndiwo, olo anzathu a cimbuya, Abemba, aseke bwanji. Koma kwa cona mbewa si ndiwo cabe. Ni nsima, ndiwo na madzi akumwa pamodzi. Mnofu umamupatsa mapuloteni, mafupa amamupatsa kashiamu, ciwindi cimamupatsa vitamini A, ndipo pafupifupi 70 pelesenti ya thupi la mbewa ni madzi. Cona wa makilo 4 amene adzidyetsa yekha amafunika tumbewa 7 kapena 8 pa tsiku, ndiye cifukwa cake cibadwa cake n'cakudya pang'ono-pang'ono kambili, usana na usiku. Manje tikamukweza mu flati ya pamwamba na kutseka citseko, nkhokwe yonse ija yatsala kunja. Kucokela tsiku limenelo, ciliconse cimene cidzamanga thupi lake cicokela m'manja mwathu.

Kuti timvetse cimene afunika, tiyambe taona kumene anacokela. Kholo la acona onse a panyumba ni vumbwe, uja amene amagwila nkhuku kumudzi, ndipo akali kupezeka m'sanga za Zambia mpaka lelo. Anayamba kuyandikila anthu zaka pafupifupi 10,000 zapitazo ku maiko a ku Middle East, pamene anthu anayamba kulima na kusunga mbewu. Nkhokwe zinaitana makoswe, makoswe anaitana vumbwe. Pa cisumbu ca Cyprus anapezapo manda a zaka pafupifupi 9,500 mmene munthu anaikidwa pafupi na cona. Cipangano cinali cosavuta: iwe ungisungile mbewu, ine nikulole kukhala pafupi. Palibe amene anamuphikila. Galu anaphunzila kudya zotsala za anthu mpaka mimba yake inazolowela, koma cona anakhalabe wosaka. M'kati mwa kanyama kogona pa pilo yathu mukali vumbwe wa kumalo ouma.

Ukamuyang'ana mkamwa akamayasamula, uona umboni. Ali na mano 30, onse ocekela na kung'ambila, palibe lopelela monga a mbuzi kapena athu. Malovu ake alibe cija cimene cimayamba kugaya nsima tikali kutafuna. Matumbo ake ni aafupi, opangidwila nyama. Mu 2005 akatswili a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anaonetsa kuti lilime la cona silimva kutsekemela n'komwe. Akanyambita keke, asakila mafuta ali mmenemo osati shuga. Sikuti nsima ni poizoni kwa iye, iyai. Yopsa bwino angaigaye pang'ono. Vuto la nsima si cimene cili mo, koma cimene mulibe. Imadzaza mimba, njala n'kutha, pamene thupi likali kupempha.

Cimodzi cimene limapempha ni taurine. Munthu na galu amadzipangila yekha m'thupi, koma cona amapanga wocepa kwambili, conco afunika kumupeza m'cakudya. Taurine amapezeka mu nyama na nsomba, maka-maka mu mtima. Mu cimanga, nyemba na ndiwo zamasamba mulibe. Akasowa, palibe cimene cimaoneka sabata yoyamba olo mwezi woyamba. Maso amayamba kufa pang'ono-pang'ono kucokela mkati, ndipo mbali imene yafa sibwelela. Izi zinadziwika mu 1975. Ndiyeno mu 1987 dokota wa ziweto Paul Pion na anzake pa University of California ku Davis anapeza kuti acona ambili amene anali kufa na mtima wotupa ndi wofooka anali na taurine wocepa m'magazi, ndipo ambili anacila atapatsidwa. Makampani opanga zakudya za acona anawonjezela taurine, ndipo matenda aja anacepekelatu. Kumeneko anakonza pa fakitale. Kwa ife amene cona amadya zophika panyumba, fakitale ni khichini yathu. Ndiye cifukwa cakenso cakudya ca agalu sicikwanila cona, olo cichipe bwanji: anacipangila nyama imene imadzipangila taurine yokha.

Tsopano tifike pa supu. Ndiwo iliyonse ya mu Zambia imayamba cimodzimodzi: saladi, anyezi, matimati, mcele. Kwa ife popanda anyezi palibe ndiwo. Kwa cona, anyezi amawononga maselo ofiila a magazi, kaya ni muwisi, wokazinga kapena waufa uja ali mu zokometsela za m'mapaketi. Adyo ni woipilapo. Ndipo cona sagwa pomwepo. Pamapita masiku, ndiye uona wafooka, apuma mofulumila, nkhama zake zatuwa, mkodzo wasintha mtundu. Pofika apo palibe amene akumbukila supu ya Lolemba. Kasupu kamodzi ka mwangozi sikangamuphe, koma kasupu ka masiku onse kamamudya magazi mwakacetecete.

Mkaka nawo uli na mbili imene siuyenela. Tumakatuni tumene tinakula nato tunatiphunzitsa kuti cona na mkaka ni mapasa. Zoona zake n'zakuti cona akaleka kuyamwa, mphamvu yogaya shuga wa mumkaka imacepa, ndipo ambili amatsegula m'mimba akamwa mkaka wa ng'ombe. Amaukonda, inde, koma kukonda na kugaya n'zosiyana. Kwa kamwana ka cona kamene katayidwa pa ngalande, kutsegula m'mimba kungakaphe m'masiku ocepa, cifukwa madzi amatha msanga m'kathupi kotele. Pali mkaka wopangila ana a acona, ndipo dokota wa ziweto angakuuzeni zocita ngati simunaupeze.

Nanga kapenta? Apa tili na mwayi, cifukwa kapenta ni nsomba yathunthu, na mutu na mafupa omwe. Koma wouma kambili amakhala na mcele wambili, conco afunika kumuviika na kumuwilitsa payekha. Ndipo nsomba isakhale cakudya ca tsiku na tsiku caka conse. Cona wodya nsomba ya mafuta yokha-yokha amasowa vitamini E, mafuta a pansi pa khungu lake amatupa, ndipo amalila ukamugwila. Nsomba zina zaziwisi zimawononga vitamini B1 m'thupi, cona n'kuyamba kudzandila, khosi litapindikila pansi. Kuphika kumathetsa vutolo. Ciwindi naco n'cabwino cikakhala cocepa, kamodzi kapena kawili pa sabata. Ca masiku onse cimaculukitsa vitamini A mpaka mafupa a khosi kuuma, cona n'kulephela kutembenuka kuti adzinyambite. Olo mnofu weniweni, wopanda fupa lililonse, uli na kashiamu wocepa, ndipo kamwana koleledwa na mnofu wokha kamakula na mafupa ofewa othyoka cisawawa. Phunzilo ni lija la mbewa: cona amadya nyama yonse, osati ciwalo cimodzi.

Ena mwa ife, tikayamba kulandila bwino, timagula thumba la cakudya couma ca acona ku supamaketi. Ngati palembedwa kuti n'ca acona ndipo pali liwu lakuti "complete", ndiye kuti taurine, mavitamini na kashiamu alimo pa mlingo wake. Ni sitepe yaikulu. Koma cakudya couma cili na madzi pafupifupi 10 pelesenti cabe, pamene ca m'zitini na m'tumapaketi cili na pafupifupi 80. Paja cona ni mwana wa kumalo ouma: anazolowela kumwa madzi kupitila mu nyama, ndipo ludzu lake ni laulesi. Pa tsiku afunika mamililita pafupifupi 50 pa kilo iliyonse ya thupi lake, kutanthauza kapu imodzi kwa cona wa makilo 4, kuwelengela pamodzi na madzi a m'cakudya. Akapanda kufikitsa, mkodzo umakhala wokhathamila, ndipo tumcenga na tumiyala tumapangika mosavuta m'cikhodzodzo.

Apa tikambe mosabisa, cifukwa ni pamene acona aamuna ambili amafela. Njila ya mkodzo ya cona wamwamuna ni yopapatiza, ndipo tumcenga tuja tungaitseke. Uona apita pa mcenga wake kambili-kambili, akhala pamenepo n'kumadzikakamiza, alila, adzinyambita kumbuyo, koma palibe cituluka kapena pangodontha tumadontho twa magazi. Ambili amaganiza kuti wadzimbidwa, n'kunena kuti tione mailo. Cona amene watsekeka mkodzo angafe pa masiku awili kapena atatu. Imeneyo si nkhani ya mailo, ni ya lomba apa, olo ikhale Sondo. Kucingiliza kwake n'kochipa: madzi aukhondo masiku onse, mu mbale yotakata, yoikidwa patali na cakudya komanso patali na cimbudzi cake, ndipo ngati n'kotheka mbale ziwili m'malo osiyana. Kuthila madzi pang'ono pa cakudya couma, kapena kusakaniza na conyowa, kumathandizanso. Akakalamba, impso ndiye zimayamba kulema, ndipo madzi amakhala ofunika kuposa kale. Dokota akapeza matenda a impso amasintha cakudya kuti impsozo zisamagwile nchito yolemetsa, ndipo acona ambili amawonjezela nthawi ya moyo mwa njila imeneyo.

Pali matenda ena amene amabwela atavala zovala za ulemu. Kwathu kuno kuuza munthu kuti "mwanenepa" ni kumuyamikila, ndipo cona wozungulila monga thumba la unga amaoneka monga umboni wakuti panyumba pali bwino. Koma tiwelenge. Kilo imodzi yowonjezeleka pa cona wa makilo 4 ili monga makilo 15 pa munthu wa makilo 60. Cona wa mu flati sathamangitsa ciliconse, ndipo akafulidwa thupi lake limafuna cakudya cocepelapo pamene njala imawonjezeka. Mbale ikamakhala yodzala tsiku lonse, mapeto ake ni matenda a shuga, aja amene tiwadziwa kwa atate na azakhali athu, pamodzi na kuwawa kwa mfundo za mafupa. Cona wa shuga amamwa madzi kwambili, amakodza kwambili, amadya koma ayonda, ndipo kambili amafunika nyeleti ya insulini kawili pa tsiku. Kupima n'kosavuta: ukamusisita m'mbali uyenela kumva nthiti popanda kukanikiza, ndipo ukamuyang'ana kucokela pamwamba payenela kuoneka ciuno. Ngati wanenepa kale, osamumana cakudya mwadzidzidzi. Cona wonenepa akakhala masiku angapo osadya, mafuta amathamangila ku ciwindi n'kucitseka, ndipo matenda amenewo amapha. Kucepetsa kumafuna miyezi, kupima na kapu, komanso kumuseweletsa na kacingwe madzulo.

Kasungidwe nako tisakaiwale. Mu August 2024 nduna ya zaumoyo, a Elijah Muchima, analengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa m'dziko muno ndipo anakaikila cakudya ca cimanga cokhala na aflatoxin, poizoni wocokela ku cuku. Anali agalu, koma ciwindi ca cona naco sicilimba ku poizoni ameneyo, ndipo zakudya zambili zouma zili na cimanga. Thumba likhale lotseka, pouma, osati pansi pa sinki. Likanunkha cinyontho, litayidwe. Ndipo m'nyengo ya malaiti opita-pita, filiji siingadalilike. Nyama kapena cakudya ca m'citini cimene cakhala pa mbale maola ambili m'kutentha kwa October n'cotaya, monga mmene tingacitile na cathu.

Wina anganene kuti, ngati mbewa ndiye zonse, bwanji osangomutsegulila citseko akasake yekha? Komboni si munda. Khoswe wa mu tauni kambili amakhala atadya mankhwala ophela makoswe amene amagulitsidwa m'misewu, ndipo amene ayenda mofooka, wosavuta kugwila, ndiye wokaikitsa kwambili. Makoswe amapatsilanso njoka zam'mimba. Cona amene amayenda panja afunika mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse na katemela wa ciwewe, ndipo afunikabe mbale yabwino panyumba. Cija cakuti ukamudyetsa aleka kugwila makoswe sicoona. Cona amasaka olo atakhuta, ndipo wathanzi ndiye amagwila bwino.

Tidziwa cimene ena akamba pofika pano: anthu agula ka pamela pa kantemba kuti agone atadya, inu muli pa nkhani ya cona? Funso limeneli n'lolemela, ndipo sitilipeputsa. Koma taonani zimene takamba. Kusapatsa anyezi sikulila ngwee. Kusapatsa mkaka kumasungitsa ndalama. Madzi ni madzi. Cotsala ni nyama pang'ono, ndipo cona ni kanyama kang'ono. Mitima ya nkhuku, nthutumba na zodula-dula za pa buchala ni zina mwa nyama zochipa koposa pa Soweto Market na m'misika ya m'makomboni. Dzila lowilitsa nalo ni cakudya cabwino. Njila yake ni imodzi: patulani gawo la cona poto isanaone anyezi na mcele, muwilitse na madzi ocepa, ndipo madziwo mumupatse pamodzi, cifukwa taurine wambili amatsalila mmenemo. Mafupa a nkhuku ophika asapatsidwe, amathyoka monga singano. Ngati cona adalila zophika panyumba zokha, funsani dokota wa ziweto za kashiamu na mavitamini owonjezela, popeza zimenezo n'zovuta kupima na maso. Ndipo posintha cakudya, sakanizani cakale na catsopano kwa sabata imodzi, cifukwa mimba yake siikonda zodzidzimutsa.

Cona sadandaula. Mu sanga, nyama yoonetsa kudwala imadyedwa, conco amabisa ululu mpaka zitafika poipa. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tiyenela kudziwa mmene amadyela, mmene amamwela, na zimene amasiya pa mcenga. Ubweya ukaleka kuwala, akayamba kuyonda, akasanza kawili-kawili, akakhala masiku awili osadya, ni nthawi yopita naye. Mu Lusaka muli cipatala ca ziweto pa sukulu ya madokota a ziweto ya University of Zambia pa Great East Road, muli Lusaka Animal Welfare Society, komanso madokota ena oima paokha. M'matauni ena, ofesi ya boma ya ziweto ingakulozeleni kopita. Cimodzi cokha cisacitike: kumupatsa mankhwala athu. Piritsi limodzi la paracetamol, lija timamwa mutu ukawawa, lingaphe cona, cifukwa ciwindi cake sicitha kulicotsa m'thupi.

Cona wosamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15, ena kupitilila. Kamwana kamene mwatola muli caka coyamba ku koleji kangadzakhalepo tsiku limene mwana wanu adzavala yunifomu ya giledi 1. Kangasamuke namwe kucoka pa kacipinda kamodzi kupita ku nyumba yanu-yanu, n'kukhala ciwalo ca banja cimene cikumbukila masiku a mbaula na makandulo. Kaya kadzafika kumeneko kali na maso oona, mtima wolimba na impso zogwila nchito, zidalila pa zinthu zing'ono-zing'ono zimene zimacitika mu khichini madzulo alionse. Ife timagawana cakudya na amene timakonda, ndiye mwambo wathu, ndipo ni wabwino. Kwa cona, kugawana kumeneko kucitike poto ikali pa moto, anyezi akali pa thabwa.